Kuwombera Adadi

Lolemba, 3 Malichi

Lero Kachala, woyesa magemu athu uja, wakuwa ali pa desiki yake kuti, “Ndapha Adadi pageti!” Ofesi yonse kuseka. Ine ndinatembenuka, mahedifoni ali m’khosi. Adadi ake ati?

Ndilembe, mwina mutu ugwira. Gemu tikupangayi ndi yowomberana, wosewera amangoona manja ake ndi mfuti kutsogolo. Yanga ndi mbali ya mawu: kulira kwa mfuti, mapazi, zitseko, kubuula kwa owomberedwa. Chaka chatha tikuyamba panalibe woti abuule, ndiye ndinangoikapo kaye kamawu ka m’foni mwanga. Adadi akudzuka pa makina awo osokera: “Mayo ine, ndakalamba.” Ndinawajambula mobisa kuti ndiziwaseka nako. Failoyo ndinaitcha adadi. Zongogwirizira, tidzachotsa. Pantchito ino aliyense amatero, ndipo palibe amachotsa.

Ndiye wojambula zithunzi ataona dzina la failo anayesa ndi dzina la mlonda wa pageti m’gemumo. Mpaka anamuika imvi. Ine miyezi yonseyi ndinali pa mawu a gawo lina, kugeti sindinapondeko.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndasewera gawo la pageti. Ukamuwombera amagwira msana, n’kunena mawu aja, kenako n’kugwa. Ndawombera kamodzi basi, ndavula mahedifoni.

Mawu amenewa ndinawamva komaliza Novembala, sitiroko isanawagwire Adadi. Pano amangoti “aa, aa” n’kumaloza ndi dzanja lamanzere. Ndathawira kutoileti, ndatsegula mpopi. Kaya ndimalira kaya ndimaseka, sindikudziwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndalowa kwa Bwana. Ndati kamawu ka mlonda kaja n’kongogwirizira, ndikufuna ndikachotse.

Iwo maso pa sikirini: “Kati? Ka ndakalamba? Iwe, kamene kaja ndiye gemu yonse.” Akuti kali kumapeto kwa kanema wotsatsa gemuyi, yemwe atuluke Lolemba. Akuti oyesa amabwerera dala kugeti kuti akangokamvanso.

Ndati ndi bambo anga enieni. Apo ndiye anasiya mausi.

“Ali moyo?”

“Ali moyo, koma salankhula.”

Anakanda mutu kanthawi. Kenako akuti ndikawafunse. Akakana ndichotse Lolemba m’mawa, kanemayo asanatuluke, iwo sadandaula. Koma nkhope yawo imaoneka kuti adandaula. Nanga munthu wosayankha umamufunsa bwanji?

Lachinayi, 6 Malichi

Ndayesa kubuula ndekha m’kachipinda kojambulira. Ndikumveka ngati mbuzi yomangidwa. Ndaitana Kachala, iye ngati wapsa ndi tiyi. Ka Adadi kali ndi kulira kwa mpando kumbuyo, ndi kampweya kaja amakoka asanalankhule. Zimenezo sungazipange.

Nkhani yamveka ofesi yonse. Kachala pano akuti “mlonda uja”, ndipo amanena motsitsa. Anthu akundilambalala ngati namfedwa. Izi zikundikwiyitsa kuposa kuseka kuja. Sanamwalire, abale inu.

Lachisanu, 7 Malichi

Amayi aimba, akuti ubwera Lamulungu? Ndati eya. Zinazo sindinanene. Mantha.

Loweruka, 8 Malichi

Adadi sanagwirepo mfuti chibadwire. Ngakhale nkhuku amapha ndi Amayi, iwo atazemba. Ntchito yanga ankaitcha “zidole zakozo”, koma kasitomala aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza ankauzidwa kuti mwana wawo ndi wa makompyuta.

Ndikachotsa, ndawatseka pakamwa kachiwiri. Ndikasiya, anthu osawadziwa n’komwe aziwawombera tsiku lonse akuseka. Koma nanenso si ndinajambula kuti ndiziseka? Pena ndikuti chotsa, pena ndikuti siya, pena ndikuti usapiteko mawa, unamizire chimfine. Ndazindikira ndikuchapa zovala zochapa kale.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndafika masana. Adadi pampando wawo pafupi ndi zenera, makina ali pakona ataphimbidwa nsalu. Amayi akusita. Ndinaika laputopu pa kasitulu n’kuyamba kufotokoza za mafailo, za zongogwirizira, za wojambula zithunzi. Zosamveka zokhazokha.

“Tanena zoti munthu amve,” Amayi anatero. “Wawatani bambo ako?”

Ndinangoyatsa gemu. Manja aja ndi mfuti, msewu, geti, mlonda waimvi akuyendayenda.

“Ameneyo ndani?”

“Ndi Adadi.”

“Safanana olo pang’ono.”

Ndinawombera. “Mayo ine, ndakalamba.”

Adadi anatukula mutu, akuyang’ana laputopu, akuyang’ana ine. Pakamwa panapotokera mbali ya sitiroko ija, phewa likugwedezeka. “Aa. Aa.” Ndinawayang’anitsitsa kuti ndione ngati n’kuseka kapena kulira. Sindinathe. Kenako fungo la nsalu yopserera. Amayi anali ataiwala simbi pa malaya.

Anaiimika, n’kunditembenukira. “Ndiye iwe wawombera bambo ako ine ndikuona?”

“Pepani Amayi. Ndichotsa mawa m’mawa.”

“Ndani wanena zochotsa? Ine ndikufunsa.”

Amayi anabwera kudzakhala pa mkono wa mpando wa Adadi. Anafunsa ngati anthu akutali nawonso aziwamva. Ndinati eya, kulikonse kumene gemuyi ikafike, koma kuti awamve ayenera awawombere kaye. Amayi anatsonya. Adadi anali akugogoda kasitulu ndi dzanja lamanzere, go go go, osasiya.

“Akuti chiyani?” ndinafunsa.

“Ndidziwa bwanji ine? Miyezi yonseyi ndimangoganizira.” Amayi anakhosomola. Analoza mlonda ali gone pansi. “Ameneyu basi wafa?”

“Ndikayambiranso amadzuka.”

“Tayambiranso.”

Ndinayambiranso. Mlonda uja anaimanso pageti, wamoyo, akuyendayenda. Ndinafuna kuwauza kuti mawuwo ndikhoza kuwaikira paokha, popanda mfuti. Ndisanayambe, Amayi anagwira dzanja la Adadi lija kuti lisiye kugogoda, n’kusendera pafupi ndi sikirini.

“Tawawomberanso, mwanangu. Sindinamve bwino.”

Ndinawombera.