Dzina la Ababa Sindinalilembe

Chitakale, Mulanje
16 Disembala 2024

Okondedwa achemwali a Cecilia,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tikudzuka ndithu. Mvula ikugwa ngati tinailakwira, phiri sitinalione masiku anayi tsopano. Chimanga chamera bwino, udzu nawonso sunafune kutsalira.

Pa foni ndinangokuuzani kuti ababa adwala. Zinazo zikukana kutuluka pakamwa, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi n'kupatsira a Noel amene akukwera basi mawa. Muwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti Adventi ikayamba, mphakati uliwonse wa akhristu umalemba mayina a odwala ndi okalamba amene sangathe kufika kutchalitchi, kuti ansembe awayendere m'makomo, alape ndi kulandira Ukaristia Khirisimasi isanakwane. Chaka chino kope la mayina anapatsa ine, ati Teresa amalemba zooneka bwino. Ndinanyada nazo, inu mukundidziwa.

Ababa atamva anandiitanira m'kanyumba kawo kaja. Anati, "Mwanawe, undilembe nanenso. Zaka zapitirira makumi atatu ndisanalape." Ndinavomera.

Koma nditagwira cholembera zakale zinandibwerera. Ndinakumbukira tili kumsasa wa othawa nkhondo ku Muloza, ababa akunyamula chikwama kutsatira mkazi wina uja wa ku Milanje, amayi ali ndi pakati pa malemu Arsenio. Ndinakumbukira amayi akuthyola tiyi mpaka zala kung'ambika. Ndiye munthu abwere atakalamba, maso atafa, timumangire nyumba, tizimuphikira, kenako anong'oneze ansembe mphindi khumi, basi zonse zafufutika? Amayi anapita kumanda osamva ngakhale "pepa". Ndinalemba mayina asanu ndi awiri. La ababa ndinalisiya dala, kope n'kukapereka kwa akatekisiti ndikumwetulira.

Madzulo ake ababa anandifunsa ngati ndawalemba. Ndinati eya.

Achemwali, masiku khumi athunthu munthu anali pa kukonzekera. Ndikamapita kokapalira ndinkawamva akubwereza pemphero lolapa m'Chipwitikizi, momwe anaphunzirira ali mwana, akasokoneza n'kuyambiranso. Ngakhale fodya wawo wa chingambwe uja anasiya. Ine mumtima ndinkangoti bwerezani, tiona.

Tsiku loti ansembe ayendere odwala linali Lachinayi lapitali. Ababa anasamba m'mawa popanda wowakakamiza, n'kuvala jekete lawo lakuda lija. Anandipempha kuti ndiyale nsalu yoyera patebulo, ndiikepo mtanda ndi kandulo, monga timachitira ansembe akamabwera kwa wodwala. Ndinayala, achemwali. Ndi manja angawa, ndikudziwa bwinobwino kuti sikubwera munthu.

Dzuwa litakwera, njinga yamoto ya ansembe inaima kwa a Esteri, oyandikana nafe aja. Ababa anawongoka pampando n'kuvula chipewa. Patapita kanthawi njinga inaliranso, inadutsa pamsewu wathu womwewu, n'kumapita. Ndikanangokuwa, akanaima. Ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa, ndipo ndinapitiriza kusenda.

Ababa anadikira mpaka kandulo inatha. Pomaliza anati, "Ansembe ntchito yawachulukira, tisawadandaule. Abwera tsiku lina." Anandithokozanso chifukwa choyala bwino patebulo.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atagwa pakhomo, pakamwa patapotoka. Kuchipatala akuti ndi sitiroko. Mbali yakumanja yafa, lilime nalonso silikugwira ntchito.

Dzulo kutchalitchi anayatsa kandulo yachitatu ya Adventi, ya chimwemwe ija, kwaya ikuimba zoti tikonze njira ya Ambuye. Ine wotsekera mnzanga njira ndinali pabenchi loyamba, nditatchena chitenje cha bungwe la amayi ngati munthu. Misa itatha ndinagwada kwa ansembe n'kuulula zonse. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Tinapitira limodzi kuchipatala. Anawadzoza mafuta a odwala, n'kuwakhululukira machimo. Ababa anayesetsa kuti alankhule, misozi ikutsikira m'makutu, koma mwa mawu onse aja anawabwereza masiku khumi, silinatuluke ngakhale limodzi. Ansembe akuti Mulungu anamva kale, ndisadzizunze. Mwina Mulungu anamvadi. Koma ife sitinamve, ndipo wochititsa ndine.

Ndikutero chifukwa pobwerera ndinadzera kwa a Esteri kukawazonda. Iwo, posadziwa kanthu, anandiuza kuti ababa anawauza sabata yatha kuti akangolapa kwa Mulungu apeza mphamvu yotiitana awirife pa Khirisimasi, atigwadire, atipepese pa zonse anachitira amayi ndi ife. Ati ankaopa kuyambira kwa ife chifukwa pakamwa panga amapadziwa. Mwaona? Chimene ndakhala ndikuchilirira kuyambira ndili kamtsikana chinali panjira, ine n'kuchibweza ndekha. Ndikuchita manyazi, achemwali.

Ndikudziwa kuti munalumbira kuti simudzaponda pakhomo pano iwo ali moyo, ndipo mkwiyo wanuwo ndinkaukolezera ndine. Koma chonde bwerani. Ababa sindinawauze zimene ndinachita. Ndayesa kawiri, ndikangofika pabedi pawo ndimayamba kukonza bulangete. Mudzaime pambali panga ndikamawauza. Mukafuna kundilalatira mudzandilalatire, ndipirira. Kenako ngati mtima wanu ungalole, tidzawauze tonse awiri kuti tawakhululukira, ngakhale kupempha sangathenso. Adokotala sakulonjeza kuti afika pa Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amayi awo aang'ono akufunika mapemphero. Ambuye amene tikumuyembekezera akusungeni panjira.

Musadikire kuti mumalize kupalira, achemwali. Pakamwa pa ababa patsekeka, koma ndikatchula dzina lanu amandifinya dzanja. Bwerani akadali kumva.

Ndine mng'ono wanu,
Teresa