Masupuni Asanu a Kositiki

Lolemba, 16 Juni 2025

Kope ili anandipatsa Pilirani kuti ndizilembamo za sopo wake: tsiku, nyengo, kulimba kapena kufewa. Zimenezo ndimalemba kutsogolo. Kumbuyo kuno ndi kwanga.

Sopo wachinayi sakulimba. Tinamuthira m'chikombole Loweruka, lero ndakanikiza, chala chalowa mpaka chikhadabo chonse. Chiperoni chagwa masiku atatu, phiri silikuoneka n'komwe. Zovala pachingwe sizikuuma, nanga sopo aume bwanji?

Iyi ndi ntchito yomaliza ya Pili kusukulu ya ukachenjede ku Blantyre. Akufuna sopo wopanda kositiki wa m'sitolo, uja timagwiritsa ntchito kugulu lathu la amayi. Mafuta ndi otsala kwa a Hussein okazinga tchipisi pa Chonde, omwe kale ankangowathira m'ngalande. M'malo mwa kositiki, chidulo cha phulusa la makoko a nthochi ndi timitengo ta nandolo. Sopo atatu oyamba anangokhala phala. Ulendo uno waphika chidulocho ndi laimu, pomaliza n'kuthira mchere.

Aphunzitsi ake abwera Lachinayi kudzaona. Pafoni Pili wandifunsa, "Mayi aang'ono, walimba?" Ndati akuyesera. Wangoti chabwino. Chabwino ameneyo ndimamudziwa. Mwanayu ndamulera ine kuyambira ali sitandade wani, achemwali anga atamwalira.

A Janeti apakhomo lapafupi, anzanga akugulu, adutsa ndi ndowa pamutu. "Amake Dario, phala la adokotala anu a Pili lapsa? Tibwere ndi masupuni?" Ndaseka nawo. 

Lachiwiri, 17 Juni

Ndachita chinthu.

Abambo a Dario anapita ku Mission m'mawa kukatenga mankhwala awo a bipi. Pakhomo ndinatsala ndekha. Ndinangoti ndimuone sopoyo, ndinamupeza akutuluka thukuta. Ndinayamba kuganiza za Lachinayi. Munthu wamkulu kuchoka ku Blantyre pagalimoto, kudzaviika chala m'phala. Amayi akugulu atazungulira. Pili atayima pakati.

Chitini cha kositiki wa gulu chimakhala kwa ine, pamwamba pa kabati. Ndinabwezera sopo yense mumphika, pamoto wochepa. Kositiki masupuni asanu, ndinasungunula m'madzi pang'ono monga timachitira, n'kuthira. Nditatakasa analemera pa mthiko nthawi yomweyo. Dontho limodzi linandigwera padzanja, sindinalimve mpaka nditamaliza kubwezera m'chikombole.

Mphika ndatsuka katatu. Mthiko ndauponya m'chimbudzi, ngati mthikowo ungalankhule.

Kutsogolo kwa kope ndalemba: Lachiwiri, chiperoni, wayamba kulimba. Palibe bodza m'mawu amenewo. Koma ndi bodza.

Lachitatu, 18 Juni

Walimba gwa. Ndagogoda ndi chala, akulira ngati thabwa.

Pili wafika masana. Sanavule n'chikwama chomwe, molunjika kukhitchini. Ndinangomva kukuwa. Watuluka atanyamula chikombole, akuvina pamatope ndi nsapato zake zoyera. "Ndi laimu uja, mayi! Ndimadziwa! Ndi laimu ndi mchere!" Wandikumbatira, wandipsompsona pachipumi. Dzanja ndinali nditalibisa m'chitenje.

Akadakhala chete mwina ndikanatha kunena. Koma akasangalala amalankhula ngati wailesi. Akudula sopo ndi waya, akundiphunzitsa. Akuti anthu anayamba kupanga sopo wa phulusa ndi mafuta kalekale ku Babulo, Babulo yemweyo wa m'Baibulo. Akuti zaka zambirimbiri kunalibe njira ina, ku Ulaya anatentha nkhalango kufuna phulusa lokhalokha. Kenako Mfalansa wina anapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere m'fakitale. Sopo anatchipa, osauka anayamba kusamba, koma utsi wa mafakitalewo unaumitsa mitengo ndi minda ya anthu ozungulira. "Ndiye ife tikubwerera ku phulusa, koma ndi sikelo ndi kope. Chidulo chanu chophikira therere chija ndi sayansi, mayi, kungoti palibe anakuuzani."

Ndati eya. Ndati zikomo. Zikomo wa chiyani kaya.

Lachinayi, 19 Juni

Aphunzitsi aja abwera. Munthu wamfupi, waulemu, anavula nsapato polowa m'khitchini mwanga mwa dothi. Amayi akugulu onse asanu ndi anayi analipo, ena sanaitanidwe.

Anafunsa kuti phulusa amatentha ndani. Pili anandiloza. Aphunzitsiwo anati phulusa loyera chonchi silimatheka ndi munthu wopupuluma. Ndinafuna nthaka itseguke.

Anatifotokozera kuti masiku ano asayansi ambiri akufufuza momwe mafakitale angapangire zinthu osasiya poizoni m'madzi ndi mumpweya. Kuti chimene wina wataya, wina ayambirepo ntchito. Anatchula makoko a mpunga, zotsala za nzimbe, mafuta okazingira. Anati zambiri zimatheka m'kabotolo ka m'labu koma zikafika pa mphika waukulu zimakanika, n'chifukwa chake khitchini ngati yanga ndi yofunika. A Janeti anafunsa ngati angapange sopo ndi amuna aulesi, poti nawonso ndi zotsala. Aphunzitsiwo anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

Kenako anatenga chidutswa, anachikanda ndi chikhadabo. Anachinunkhiza. 

"Sopo wa phulusa salimba chonchi kawirikawiri. Ngakhale ndi mchere. Pilirani, ngati izi zili zoona, wapeza chinthu." Anakulunga zidutswa ziwiri m'pepala. Akuti kusukulu kuli makina amene amatentha kachidutswa n'kuonetsa mchere uliwonse uli m'kati, ndi kuchuluka kwake.

Ngati izi zili zoona. Anatero.

Sindimadziwa kuti kuli makina otero. Ndimayesa akangoona ndi maso basi, alemba kuti wakhoza, nkhani yatha.

Lachisanu, 20 Juni

Pili wabwerera ku Blantyre. Chakudya sichikulowa. Chilonda chatupa.

Loweruka, 21 Juni

Tsiku lopanga sopo wa gulu, wogulitsa ku Milonde. A Janeti ndi amene anatsitsa chitini pakabati. Anachigwedeza, anandiyang'ana, sananene kanthu. Anthu atabalalika iwo anatsalira, ati andithandize kutsuka zidebe.

Anandigwira mkono, anakweza chitenje.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinati moto.

"Iwe Luiza. Moto umatukusira. Ichi chadya kulowa m'kati. Changa ichi," anandionetsa chipsera chawo chapachigongono, "ukuyesa ndinachigula?"

Ndinakhala pamtondo, ndinawauza zonse. Ndinati ndimafuna anthu asamuseke Pili. Anati ankaseka ndani, ndinati inu. Kenako anati, "Pakamwa panga mumapadziwa nonse, ndimaseka ndi maliro omwe. Ukanandituka basi, osati izi."

Anati sauza munthu. Koma potuluka anatembenuka pakhomo. "Makina ajawo akapeza kositiki, sakudziwa kuti ku Mulanje kuli Luiza. Papepala pali dzina limodzi."

Ndakhala ndikuwerenga pachikuto cha kope. Pilirani, ndi nambala yake ya sukulu. Dzina limodzi.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. Ulaliki sindinaumve. Ndimangowerenga masiku: zidutswa anatenga Lachinayi, Loweruka ndi lero sagwira ntchito, mwina pali mzere wa ana ena. Mwina magetsi azima. Ndinapempherera kuti magetsi azime sabata yonse, m'nyumba ya Mulungu, ine.

Pobwerera ndinawauza abambo a Dario, panjira ya m'munda wa tiyi pomwe palibe makutu. Tinayenda mpaka pamlatho. Kenako anayamba za amayi awo. Akuti nthawi ya nkhondo kwawo ku Mozambiki, m'masitolo mutatha chilichonse, amayi awo ankaphika sabau, sopo wa phulusa ndi mafuta a nsatsi. Wofewa, ankasungira m'chipanda, kutapa ndi zala. "Tinasamba yemweyo mpaka tinawoloka malire. Palibe anafunsa ngati walimba."

Ndinati ndiye nditani. Anati, "Mwanayo amakuitana mayi. Ukufuna amve kwa makina?"

Madzulo ndinatenga foni kawiri. Kachiwiri inaitana, Pili anayankha, ndinamufunsa ngati ali ndi bulangete lokwanira.

Lolemba, 23 Juni

Pili watumiza chithunzi pafoni ya Dario. Pepala lalikulu lomwe akakhome kusukulu, pali sopo uja, pali manja anga akusefa chidulo. Pansi walemba mayina a omuthandiza, langa lili poyamba. Akuti abwera mawa kudzatenga zidutswa zotsala.

Ndimangoganiza: akamuchotsa sukulu? Akalemba dzina lake penapake kuti ndi wachinyengo, ntchito adzaipeza kuti? Zaka zinayi. Achemwali anga akanakhala moyo bwenzi ndikuwayang'ana bwanji?

Lachiwiri, 24 Juni

Ndanena.

Anafika cha m'ma teni, akulongedza sopo m'katoni pakhonde. Ndinayima kumbuyo kwake. Mawu onse amene ndinakonza anathawa, ndinangoti, "Pili, si laimu. Ndinathiramo kositiki."

Sanatembenuke msanga. Anamaliza kuika chidutswa chomwe chinali m'manja, bwinobwino, pamzere.

"Liti?"

"Lachiwiri lapitali."

"Angati?"

"Masupuni asanu."

"Odzaza?"

Ndinati odzaza. Anatulutsa cholembera n'kulemba padzanja lake. Ndikanakonda akanakuwa. Anandifunsa chifukwa chake ndinalemba kuti wayamba kulimba. Anati, "Atatu aja analephera, koma anali anga. Ndinkadziwa chimene ndalakwitsa. Uyu ndavina naye pamatope, mayi. Munkandionerera."

Apo ndi pomwe analira, pang'ono, mokwiya, akupukuta ndi kuseri kwa dzanja.

Kenako anaimba foni kwa aphunzitsi ake, anaikweza mawu, anandipatsa. "Muwauze nokha. Ine akandimva aziti ndikudzitchinjiriza."

Ndinagwada, kaya chifukwa chiyani, munthu ali ku Blantyre. Ndinanena zonse, mphika, masupuni, ndi mthiko womwe. Ndinati mwanayu sankadziwa, ngati pali kulanga mulange ine, kungoti ine sukulu ndinalekera sitandade folo, mulibe pondichotsa.

Aphunzitsiwo anapuma mpweya wautali. Anati zotsatira zinatuluka dzulo masana. Anati mchere wowonjezera uja sukanafikitsa nambala pamene inafika, anadziwiratu kuti muli china. Kalata yomuitanira Pili ku komiti anali atailemba, imangodikira kusainidwa. 

Anati kalatayo saitumiza. Koma zonsezi zilembedwe mu lipoti momwe zinachitikira, ine ndisaine. Ndipo sopo wachinayi sawerengedwa. Ayambirenso, ndi munthu wina woyang'anira. Anzake amaliza Ogasiti. Iye mwina Disembala.

Pili anati zikomo aphunzitsi, anatseka foni. Chakudya chamasana sanadye. Wakagona kwa a Janeti.

Lachitatu, 25 Juni

Sanabwere. Ndamuona patali akupita ku Chonde ndi chigubu cha mafuta. Anadzera njira yakuseri kwa nthochi.

Ndalemba kalata yanga yofotokoza zomwe ndinachita, yokaika mu lipoti lija. Ndalemba katatu, zilembo zimapendama.

Lachinayi, 26 Juni

Dzuwa latuluka.

A Janeti anabwera m'mawa, ati atumidwa chikombole, sikelo ndi sefa. Sopo wachisanu akaphikira kwawo, kope latsopano alemba iwo. Analankhula motsitsa, osaseka ngakhale kamodzi, zinandipweteka kuposa kuseka kuja. Ndinati ndinyamula ndekha.

Kukafika kwawo ndi mayadi ochepa, koma amayi awiri akugulu anali pamjigo, anasiya kupopa.

Pili anali pakhonde la a Janeti akusefa mafuta pansalu. Analandira chikombole osandiyang'ana kumaso. Ndinamupatsa kalata, anawerenga yonse ataimirira, anakonza tsiku lomwe ndinalakwitsa, anaipinda n'kuika m'thumba. Ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Mayi aang'ono."

Ndinayima.

"Phulusa la a Janeti ndi lakuda, amafulumira kuzimitsa. Mutenthe inu. Koma mukabweretsa muzisiya pakhomo apa. M'khitchini musalowe."

Ndinati chabwino.

Makoko ndatola madengu awiri. Akadali onyowa. Ndawayala pamphasa, ndakhala pambali kuingitsa nkhuku.