Za Mwana Wofika Anzake Atagona

KOMITI YA MAKOLO YA SUKULU YA MKAKA

Kwa akuluakulu otiyang'anira: landirani moni waulemu pamodzi ndi zimene zinakambidwa.

Tsiku: Loweruka, pa 8 Marichi
Malo: Chipinda chogonamo ana. Tinakhala pa timipando ta ana, popeza kiyi wa ofesi anapita ndi a Telala.
Opezeka: Wapampando (a Kalipentala), Aphunzitsi, amake Mapasa, ndi ine Mlembi.
Oitanidwa: a Buledi, ogwira ntchito usiku ku bekale.
Osapezeka: a Telala, amene anapepesa.

1. Kutsegula
Wapampando anapemphera mwachidule chifukwa kampando kanawathina.

2. Dandaulo
Amake Mapasa anapempha kuti mwana wa a Buledi, amene anzake amamutchula Kabuledi, achotsedwe pasukulu. Anati amafika masana anzake atagona n'kuwadzutsa onse, ndipo mapasa awo akumabwera kunyumba olusa, olumana ndi okana chakudya. Anafunsa kuti, "Kodi ine ndimadzatenga ana kapena mavu?"

Aphunzitsi anafotokoza kuti tsiku la ana lili ndi ndondomeko yosasintha. Mwana akafika amakoloweka kapu pa msomali wake, kusamba m'manja, kuimba nyimbo ya m'mawa, kenako kusewera, kudya ndi kugona. Anati mwana akadziwa chimene chikubwera, mtima wake umakhala m'malo. Anatinso Kabuledi si wamwano, koma safuna kudumpha kanthu. Ngakhale afike dzuwa lili paliwombo, amakoloweka kapu, kusamba m'manja, n'kuima pakati pa anzake ogona kuimba nyimbo ya m'mawa yekha mpaka vesi lomaliza. Akaletsedwa amalira mpaka kubanika.

3. Yankho la kholo
A Buledi anaimirira chipewa chili m'manja. Anati chimwalirire mayi ake, mwanayu usiku amagona ndi azakhali ake, amene amalawirira kumsika. Iwo bambowo akaweruka ku bekale m'bandakucha amamupeza ali mtulo, ndiye amati atsamire pang'ono, kudzidzimuka kwatentha kale. Anavomera kuti kunyumba mwanayu amadya ndi kugona nthawi imene wafuna. Anati, "Mayi wataya kale, ndimulandenso tulo?" Anapempha kuti asachotsedwe, chifukwa ndi kusukulu kokha kumene akumaseka.

Wapampando anati chifundo chinapha nkhwali. Anafunsa kuti, "Achimwene, buledi wanu uja amatuluka mu uvuni nthawi imene wafuna yekha?" Anthu anaseka. A Buledi sanaseke, koma anati amva.

Amake Mapasa anati za maliro pepani, koma mapasa awo sanalakwire munthu. Wapampando anawafunsa njira imene amadzera m'mawa, ndipo zinadziwika kuti amadutsa pakhomo penipeni pa a Buledi. Onse tinawayang'ana. Iwo anati, "Iii, ndabwera kudzadandaula, inu mukundiberekera wachitatu?" Ine ndinaimitsa cholembera. Kenako anati avomera kumamutenga mwanayo popita kusukulu, koma pa malamulo awo.

4. Zogwirizana
(a) Kabuledi sachotsedwa.
(b) A Buledi akafika kunyumba asavule nsapato mpaka atadzutsa mwana, kumusambitsa ndi kumudyetsa. Nsapato zikavulidwa, munthu wapita.
(c) Amake Mapasa azigogoda kamodzi kokha, ndipo mwana azituluka kapu ili m'manja.
(d) Azakhali auzidwe kuti azimugoneka nthawi imodzimodzi, Loweruka ndi Lamlungu lomwe.
Wapampando anati sakukayika kuti pofika msonkhano wotsatira dandaulo ili lidzakhala litafa.

5. Zina ndi zina
A Buledi anafunsa ngati alipo angawaphunzitse kuluka tsitsi, popeza ndilo lidzawachedwetse m'mawa. Amake Mapasa anati, "Tsitsilo musalikhudzenso, tinaona kale zimene munachita. Mubwere naye mawa madzulo, ndi chipeso." Anandiuza ndilembe kuti akuchitira mwana, osati bambo ake. Ndalemba.

6. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka loyamba la Epulo. Tinabalalika nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________

Ine Mlembi ndikulumbira kuti zonsezi ndinazimva ndi makutu anga, ndipo sindinawonjezere kapena kuchotsera munthu mawu.