Manja Amene Anatsuka Chikuku

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Ine Abiti Sulemani, wa kuno kufupi ndi Makokola. Cholembera sindigwira. Akulemba ndi Shamima, mnzanga wothira madzi tikamasambitsa maliro a azimayi. Ine zaka makumi atatu ndikusambitsa, iye zaka khumi ndi zisanu akuthira. Zimene timaona kumeneko sitiulula, ndiye za m'buku munonso sadzaulula. Bukuli ndi la kuchipatala, lolembamo BP. Masamba akumbuyo amangokhala.

Lero Ayub wabwera atasenza chikuku cha mwana. Ayub mwana wanga mmodzi yekhayo wamwamuna, woperekera zakudya ku loji. Azungu ena amusiyira pobwerera kwawo. Cha matayala atatu, ndi kadenga pamwamba. Koma litsiro lake! Mkaka wouma m'makwinya, mchenga, nyenyeswa za bisiketi, chinachake chomata pa lamba.

Akuti chikhale kwa ine kaye poti kuno n'kufupi ndi kuntchito. Loweruka apita nacho ku boma, kotsukira magalimoto. Kumeneko ati amatsukanso makapeti ndi mipando, ndi makina a thovu. Zikwi khumi ndi zisanu.

Ndaseka mpaka kutsokomola. Kulipira anyamata a magalimoto, amake ali ndi manja awiri? Ndati chisiye pompo. Iye, "Musavutike Amayi, msana wanu." Ndati msana umenewu unakubereka iwe zaka zitatu popanda tayala ndi limodzi lomwe.

Mdzukulu wanga wakwana milungu itatu. Amake, Deborah, mkazi wa Ayub, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, akumutcha Stacey. Ine ndimati Shakila, lilime langa limakana linalo. Sindinamunyamulebe. Kuchipatala anali m'tulo. Kunyumba kwawo ku boma ndinapeza asewere anga, amake Deborah, atamufungatira, ati mchombo sunagwe. Za kwawo zimenezo. Ndidikira.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Masiku awiri ndili pa chikuku. Dzulo chinandikanika kuvula nsalu yake. Che Abudu, wa kabaza wa njinga yamoto, podutsa anandionetsa kabatani kobisika pansi. Azungu nzeru zawo amabisa ngati ndalama.

Madzi a pa mjigo, osati a kunyanja. Sopo wa mtanda, chinkhupule chatsopano, mswachi wakale wa m'makwinya. Madzi oyamba anada ngati a m'ngalande. Matayala ndakwecha ndi phulusa, kenako kadontho ka mafuta paliponse polira.

Katatu. Kuyambira kumanja. Shamima anaseka, ati mwayambanso kumanja ngati tili kuntchito. Manja anazolowera, ndingatani.

M'madzi omaliza ndaphwanyiramo kamfa pang'ono, timiyala toyera tonunkhira tija timamalizira posambitsa. Mphemvu ndi nsikidzi sizifika pamene pali kamfa. Ndipo kwa ine palibe fungo lina loyera kuposa limeneli.

Mwera wavuta, fumbi paliponse. Chitauma ndachifunditsa nsalu yoyera yotsala podula sanda mwezi watha. Yatsopano, sinakhudzepo thupi la munthu. Ndinkaisunga kuti ndisokere pilo.

Msana ukuwawa ndithu. Izo usalembe. Chabwino, walemba kale.

Loweruka, 10 Ogasiti

Abwera awiri, Ayub ndi Deborah. Mwana amusiya ndi asewere, ati mphepo. Deborah wagwada bwino pakhomo, wabweretsa shuga ndi masamba a tiyi. Mwana waulemu, zimenezo sindingamunamizire.

Ndinavundukula ndekha. Chikuku mbee! Ayub mpaka likhweru. Ati, "Amayi, mwachibweza ku sitolo."

Deborah anafunsa za nsalu, kuti yokongola chonchi mwagula kuti. Ndinamuuza zoona, kuti ndi yotsala ku sanda. Anawerama n'kununkhiza mpando wa chikuku. Kenako, "Mwachita bwino Amayi, zikomo kwambiri." Sanachigwire. Ndinati mwina akuopa kuchidetsa.

Ayub anachipinda ndi nsalu yomwe, n'kuchimanga pa njinga ya Che Abudu, iye kumbuyo atachikumbatira. Deborah anatsatira pa minibasi. Ati Lachisanu abwera naye Shakila, ali m'chikukumo, kuti mudzi wonse uone.

Ndawauza azimayi a pa mjigo. Onse.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Mpunga, nkhuku yanga yofiira ija, mphasa yatsopano pakhonde. Ndinasamba, n'kuvala chitenje cha pa Idi.

Anthu atuluka ku mzikiti, palibe. Dzuwa lapendeka, palibe. Foni ya Shamima inalira madzulo. Ayub, ati mwana ali ndi chimfine. Ndati mumufunditse, mudzabwere akachira.

Mpunga ndapita nawo kwa Abiti Iddi. Wadya masipuni awiri okha. Watha thupi mayi uja, mafupa okhaokha pa mphasa. Ndiye anali mzamba wathu kale kuno kusanabwere chipatala. Ayub anagwera m'manja mwake, ndipo madzi oyamba pa thupi la Ayub anathira ndi iye. Ntchito ya maliro anandiphunzitsanso ndi iyeyo. Pakamwa pokha sipanadwale. Ati, "Iwe Abiti Sulemani, tsiku langa likafika madzi akhale ofunda. Ozizira ndidzakudzukira." Tinaseka mpaka mwana wake anabwera kudzaona.

Lolemba, 19 Ogasiti

Lemba pang'onopang'ono, Shamima. Usasiye liwu.

Che Abudu wabweretsa thumba la fulawa ya mandazi anga. Potsitsa akuseka yekha. Ati, "Amayi, mwatchuka ku boma. Anyamata otsuka magalimoto akuti chinthu choyera kale chonchi tichitsuke pati?"

Ndati anyamata ake ati. Chinthu chake chiti.

Anaona nkhope yanga, kuseka kunatha. Anafuna kuliza njinga. Ndinagwira chiwongolero.

Loweruka lomwe lija. Kuchoka pakhomo panga pano, molunjika kotsukira magalimoto. Kunyumba sanafike nacho n'komwe. Ayub analipira, n'kuwauza kuti atsuke kawiri, ndi thovu lambiri, mpaka fungo lithe. Anakhala pa benchi kudikira.

Ndinafunsa za nsalu yanga. Che Abudu anayang'ana pansi. Anaisiya komweko. Anyamata aing'amba pakati, akupukutira magalasi a magalimoto. Ati imapukuta bwino.

Masiku awiri nditawerama. Mswachi m'kakwinya kalikonse. Ndipo mwana wanga anaima pakhonde langa n'kuimba likhweru.

Akanati Amayi, mkazi wanga sakonda fungo limeneli. Kodi ndikanamumenya?

Lachitatu, 21 Ogasiti

BP yakwera. Mandazi apserera. Pa mjigo andifunsa ngati mdzukulu wachira. Ndati akupezako bwino.

Basi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndinatuma uthenga ku loji. Wabwera atavala malaya a kuntchito, n'kukhala pa mpando wa malemu bambo ake. Ndinamusiya amwe tiyi kaye. Kenako ndati chikuku chikununkhira bwino tsopano?

Anaika kapu pansi. Sanakane, Alihamudulillahi, bodza lachiwiri ndikanalephera kulimeza.

Zonse zatuluka. Si za chikuku zokha.

Zaka zitatu ali pa banja, sanamuuzepo Deborah ntchito yanga. Kwa akuchikazi anati amayi anga amaphika mandazi. Basi. Mandazi. Tsiku lobadwa mwana, kuchipatala, mayi wina anandigwadira pamaso pa asewere n'kunena kuti awa ndi amene anasambitsa amayi anga. Ine ndinamva kukoma tsiku limenelo. Asewere ndi pamene anadziwira. Kwawo wogwira maliro sayandikira khanda, ati limadwala. Ndiye tulo tija, mchombo uja, mphepo, chimfine. Shakila sanadwalepo chimfine ayi.

Milungu isanu yathunthu akundizungulitsa ngati mbuzi ya pa chingwe, ndipo wogwira chingwe ndi Ayub.

Deborah sindimuimba mlandu. Mwana wake woyamba, mantha ndi amenewo. Kamfa anamumvapo kamodzi kokha, pa maliro a mnansi wawo wachisilamu, ndiye wamupeza pogona mwana wake, pamwamba nsalu ya sanda. Ndikanaganiza. Kwa ine ndi nsalu chabe, kwa iye ndi manda. Apo ndinalakwa, lemba kuti ndavomera.

Koma Ayub amadziwa. Amadziwa kuti ndikachoka kumeneko ndimasamba thupi lonse, zovala n'kuchapa padera. Amadziwa kuti akufa sapweteka munthu. Wakula akudya za m'manja omwewa, fizi ya sukulu yatuluka m'manja omwewa, ndipo sanadwalepo koposa malungo. Akanakhala pansi ndi mkazi wake n'kumuuza kuti amayi anga ndi otere, ndipo mudzi umawaimirira akamadutsa. M'malo mwake anandibisa ngati chilonda.

Ndati unkachita nane manyazi? Iye, "Ndimafuna mtendere, Amayi."

Ndiye wabwera ndi mawu a asewere. Ndikasiya ntchitoyi, mwana ndimunyamula. Ati alipo ena angasambitse, inu mwakula. Loweruka la sabata ya mawa, pa 31, abwera naye, bola ndisakhudze maliro kuyambira lero.

Ndinayang'ana manja anga nthawi yaitali.

Ndavomera. Lemba, Shamima, usandiyang'ane choncho. Iwe adzukulu ako umawaberekera kumbuyo tsiku lililonse.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Beseni la kuntchito, sopo ndi kamfa ndapereka kwa Shamima. Wakana kawiri, kachitatu watenga. Kwa Shehe sindinapitebe kukanena. Mawu ake sindikuwapeza.

Ena angasambitse, ati. Ndani? Shamima amathira madzi, kutembenuza thupi sanayambe. Akazi achitsikana amathawa, amati usiku amalota. Odziwa ntchitoyi tinali anayi. Awiri ndinawasambitsa ndekha, wina ndi Abiti Iddi ali pa mphasa uja.

Ndagula kachipewa ka ubweya kwa wa kaunjika. Kachikasu. Ndakasiya m'pepala momwe, osakachapa. Akachape okha, kapena akalipire anyamata a magalimoto.

Sindikudziwa kulemera kwake Shakila. Ndimayesa ndi paketi ya shuga, ziwiri, zitatu. Ati ali ndi khutu la agogo ake aamuna, lopindika pamwamba. Ndamva kwa Che Abudu. Wa kabaza wamuona mdzukulu wanga bwino kuposa ine.

Kwa Abiti Iddi sindinapite sabata ino. Ndikuopa kuti andiyang'ana n'kudziwa.

Loweruka, 31 Ogasiti

M'mawa. Khala pansi Shamima, tilembe msanga.

Abiti Iddi watisiya kutangocha, anthu akuchoka ku swala ku mzikiti. Inna lillahi. Kuika ndi masana ano. Ana ake aakazi awiri ali pakhonde panga, pa mphasa yatsopano ija. Sanapemphe kanthu. Angokhala. Sakudziwa kuti ndinasiya, poti sindinauze munthu.

Foni yalira pompano. Ayub ati akwera kale minibasi, atatu onse, chikuku chili pamwamba. Ati Deborah wamuveka mwana diresi yoyera. Mawu ake osangalala ngati ali mwana. Ndati chabwino, yendani bwino. Zina sindinanene.

Mpunga wapsa. Kachipewa kali pa tebulo.

Ndikhoza kutseka chitseko n'kunena kuti msana. Palibe angatsutse. Ola limodzi lokha, Shakila ali pamiyendo panga, ndikununkhiza kamutu kake.

Ndipo Abiti Iddi atembenuzidwe ndi manja a anthu omuopa. Mayi amene anamupukuta Ayub magazi anga, n'kumuika pachifuwa panga ali woyera.

Ayi.

Lemba pa tsamba lina, ling'ambe, uliike pansi pa kachipewa. Ayub amawerenga. Uti: Ayub, mpunga uli pa mbaula, idyani. Ine ndili kwa Abiti Iddi, amene anakusambitsa iwe tsiku lobadwa. Umuuze mkazi wako zimenezi ndi pakamwa pako, asewere akumva. Ndikatha ndisamba ngati masiku onse, ndibwera. Ndikakupezani, ndakupezani.

Chitseko tisiye chotsegula.

Tseka buku. Katenge beseni, usaiwale kamfa. Ndipo uwauze atsikanawo ateleke madzi, anati ofunda.