Bondo Linamuulula Priscilla

Oshawa, Canada
14 Malichi 1996

Wokondedwa mng'ono wanga Zelipa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Ntcheu. Chifuwa cha Tawonga chija chinatha? Ine ndi Mphatso tili bwino, kungoti chisanu chikuluma mpaka m'mafupa. Koma mtima wanga wafunda, ndipo umva chifukwa chake.

Ukukumbukira 1991, atandithawa bambo a Mphatso, ntchito nayo n'kutha? Ndinkakaima pamzere ku tchalitchi china kuno komwe amagawa chakudya kwa osowa, amati fudubanki. Msuweni wathu Priscilla anandiona akudutsa pagalimoto yake. Kuima n'komwe ayi! Analembera amayi ake, azakhali athu aja, kuti Vainess wasanduka wopemphetsa ku Canada, azakhali n'kukaiwerenga kalatayo ku Mvano. Ukudziwa wekha kuti amayi sanapondenso ku Mvano mpaka tsiku lomwe munawaika m'manda.

Chaka chimenecho olandira tinali mabanja makumi anayi basi. Fakitale ya magalimoto itachotsa anthu, mzere unatulukira panja. Ine nditapeza ntchito yosamalira okalamba, ndinayamba kuthandiza kugawa Loweruka lililonse, ndiye mzerewu ndauona ukukula ndi maso angawa. Mu 1994 unafupikako, ife n'kumati zatha. Kunama! Chaka chatha boma litadula thandizo tinapyola mabanja mazana awiri, ena ovala mataye.

Ndiye Loweruka lapitali kunabwera mayi wina, chipewa mpaka m'maso, mpango kukamwa, magalasi akuda dzuwa kulibe. Osayankhula. Ine sindinamuzindikire. Koma nditamupatsa jumbo, analandira ndi manja awiri, bondo n'kupinda lokha. Zelipa, ndi mzungu uti amapinda bondo polandira zitini za nyemba? Nditayang'anitsitsa manja aja, mphete yake ya Priscilla yomwe ija.

Ndinamupatsa moni wakwathu mokweza, n'kumufunsa ngati galimoto waimika pabwino. Anandinong'oneza kuti amuna ake a William ntchito inawathera mu Novembala, galimoto anagulitsa, ndipo anandichonderera m'dzina la Mulungu kuti kumudzi zisamveke. Ndinamufunsa kuti Mulungu ameneyo anali kuti pamene ankalemba kalata ija.

Pano pali lamulo loti wogawa asaulule amene wabwera kudzalandira. Zikamveka andichotsa, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Ndalingalira masiku asanu, ndapemphera, koma mtima wakana. Sindinamukhululukire, ndipo sindikunamiza kuti ndidzatero.

Pempho langa ndi ili. Lachinayi uvale yunifolomu yako ya Mvano, ukakhale pa benchi ija ankakonda amayi. Ikakwana nthawi ya zolengeza, uimirire, uwerenge kalata ino yonse osadumpha, azakhali ali pomwepo. Mawu asakunjenjemere. Azimayi onsewo anamva za ine, amvenso za iye. Paja chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Usaganize kuti ndinamumana chakudya. Ndinamuonjezera mpunga ndi zitini ziwiri. Adye, akhute, akhale ndi mphamvu zowerengera kalata yomwe amayi ake amulembere.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa amalume. Ukapita kumanda kukalambula, ukawauze amayi kuti abwerere pa benchi yawo. Azakhali usawapatse moni wanga, kalatayi iwakwanira.

Ambuye akusunge.

Ndine mkulu wako,
Vainess