Masitepe Anu Atatu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chinakanika, koma nandolo watipulumutsa. Ine ndikadathyolabe tiyi ku esiteti.

Nkhani ndi ya bambo. Nyamakazi ija yakula. Kukazizira ndi chiperoni mawondo amatupa, ndipo m'mawa zala sizigwira ngakhale kapu. Kuchipatala anatiuza kuti matendawa satha, tingowasamala: chipinda chofunda, bedi lokwera, chimbudzi chapafupi, ndipo asamakwere masitepe.

Inu mukudziwa nyumba yathu. Ili pamtunda, chimbudzi kunsi kwa nthochi, pakhomo masitepe atatu aja munamangitsa mutapuma ntchito. Loweruka lililonse mumawapaka polishi wofiira mpaka munthu kudziwonerapo. Munkati, "Nyumba yopanda masitepe ndi khola la mbuzi."

Bambo anamvera adokotala m'njira yawoyawo: anangosiya kutuluka. Milungu isanu ali m'nyumba, chitini pansi pa bedi. Nditati tigumule masitepewo anakana, akuti iwo ndi mkamwini pano, sangaphwanye cha mwini mudzi.

Amalume atamva, anati bambo tinawasudzula kale maliro anu atatha, choncho abwerere kwawo ku Chimaliro, kumene mlongo wawo ali ndi nyumba yosakwera. Sanalankhule mwankhanza, ndipo mfundo anali nayo. Koma bambo akhala pano zaka makumi anayi, ndipo manda anu amaonekera pakhonde. Akanapita, sakanabweranso.

Ndiye ndinakumbukira kuti mwini mudzi tsopano ndine. Lachiwiri ndinabwereka hamala. Masitepewo analimba, amayi, simenti simunaumire. Bambo anamva kugunda konse ali mkati. Ine ndinalira pang'ono, kenako ndinapitiriza.

Pamalopo tathirapo dothi lotsetsereka bwino, m'mbali tazika nsungwi zogwirira. Chimbudzi takumba china kuseri, chokhalira. Njerwa za masitepe anu ndamangira mpando kukhoma lomwe dzuwa limayambira kuwomba.

Dzulo bambo anatuluka okha, pang'onopang'ono, n'kukhala pampandopo kuyang'ana kwa inu. Sanandilankhulebe bwinobwino, koma tiyi anamwera panja.

Choncho nyumba yanu tsopano ndi khola la mbuzi. Mukalipe ine, osati iwo. Polishi wotsala uja ndizipaka pampandopo Loweruka lililonse, ndipo amuna anu sachoka pano ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Feliya