Mpweya wa Matayala a Mzime Wanga

Lolemba, 3 Juni

Sabata yachitatu m'nyumba ya mzime wanga. Bondo likadali lotupa. Masitepe 24 kuti munthu utsike pansi, ndiye sinditsika. Ndimangokhala pawindo.

Lero wandilowetsa m'kachipinda kamene amatseka kaja. Mpando wa galimoto womangidwa pazitsulo, chiwongolero, zopondera zitatu pansi, magalasi atatu a kanema kutsogolo. Galimoto palibe. Ndasuzumira kunsi kwa mpando kufuna matayala, wandiseka mpaka misozi. Akuti galimoto ili m'kompyuta, ndipo opikisana nawo ali m'maiko ena, aliyense m'chipinda chake, koma msewu umodzi. Mayi wa ana awiri, wapantchito, akaweruka n'kudzakhala pamenepo.

Wayendetsa ine ndikuona. Chiwongolero chimalimbana naye m'manja ngati chamoyo. Matayala ake osalala ngati dazi langali. Zaka 41 ndakhala ndikumata ndi kupopa matayala m'mbali mwa msewu, tayala lotere ndinkati katayeni. Uku akuti ndiye labwino.

Lachitatu, 5 Juni

Mwana wangayu sakudya bwino. Ndafunsa mkamwini, akuti ndi za mpikisano. Ali m'gulu la anthu anayi, wamkulu wawo amamutchula Kaputeni. Kale ankazungulira bwalo ka 15, iye n'kumapambana. Tsopano autalikitsa, ka 60, ola ndi theka. Kawiri konse matayala amuthera panjira, galimoto n'kuzungulira ngati nguli. Kokasintha matayala kuliko, koma kumadya theka la mphindi, ndipo kumeneko theka la mphindi ndi magalimoto asanu ndi imodzi akudutsa. Kaputeni wanena kuti pa 15 mwezi uno akapanda kumaliza m'gulu la khumi oyamba, malo ake apatsa wina. Zaka zitatu akulimbikira kuti alowe gulu limeneli.

Wandionetsa pakona pa galasi timabokosi tinayi, tayala lililonse kake. Likazizira, kabuluu. Likafunda bwino, biriwiri. Likapsa, psuu. Ndipo kabokosi kalikonse anakagawa patatu, m'mphepete muno, pakati, m'mphepete umo. Ine zimenezi ndinkazimva ndi chikhatho. Anthu amenewa anawauza ndani?

Lachinayi, 6 Juni

Ndamulangiza. Ulendo wautali popa kwambiri, tayala lolimba silitha msanga. Ndi zimene ndinkawachitira a malole. Iye: "Mukutsimikiza, ababa?" Ndati mwana iwe, ndinayamba kupopa amako asanandidziwe. Wawonjezera mpweya. Ndi chala chabe, pampu palibe.

Mpikisano woyeserera madzulo ano. Atazungulira ka 20, pakati pa matayala onse psuu, m'mphepete mokha biriwiri. Ka 26, pakona, galimoto yapita cham'mbali mpaka kukagunda mpanda. Kaputeni walankhula m'zam'makutu zimene mwana amavala. Chinenero sindinachimve, koma mkwiyo susowa womasulira. Mwana wandipatsa mankhwala a bondo, wapita kukachapa.

Mkamwini patebulo: "Apongozi, lero mwawononga tayala lopanda chubu, lopanda mphira, pamsewu wopanda phula." Ndaseka nawo. Pakamwa pokha.

Lachiwiri, 11 Juni

Masiku anayi osalemba. Manyazi.

Ndalilingalira tayala lija mpaka landiuza. Lole imasenza, ichi chimathamanga. Ndakumbukira madalaivala a mabasi ochokera kutali. Ankafika tayala lili juu, geji yoyezera mpweya yakwera, iwo n'kumati phwetsako pang'ono mdala. Ine ndinkakana. Mpweya ukatentha umatupa, ukazizira umabwerera. Ndiye ine Lachinayi ndinapopetsa lozizira mpaka gwa, moto wa liwiro n'kudzawonjezera wake, tayala linatupa mimba, linkaponda ndi pakati pokha. Pofiira paja. Kompyuta sinaname, wonama ndinali ine. Ngakhale kutupa kwa mpweya anaikamo. Mpweya woti kulibe.

Ndadikira aweruke. Ndamuuza kuti ndinalakwa, tichepetse kuposanso mmene ankaikira iye, tiusiyire moto malo. Wandiyang'ana nthawi yaitali, maso a amake enieni. Akuti poyamba galimoto idzakhala yaulesi, onse adzamudutsa. Ndati eya. Akuti nanga mukalakwanso? Watuluka. Wabwera ndi mpando wa kukhitchini, wauika pambali pa wake.

Lachisanu, 14 Juni

Masiku atatu kuyesa, akangoweruka. Iye chiwongolero, ine timabokosi. Ndapeza kuti lakutsogolo kumanzere ndilo likuzunzika, chifukwa bwaloli makona ambiri ndi akumanja, kulemera konse kumatsamira pa ilo. Ndamuuza asamakhote mwaukali, tayala likamalira ndiye kuti likudyeka. Ndipo limaliradi. Kulira komwe kuja kwa paphula masana dzuwa likuswa mtengo. Thupi lonse tsembwe.

Akutinso mtambo ukaphimba dzuwa m'menemo, msewu umazizira, matayala n'kumva. Mtambo wojambula. Amake akanakhala moyo akanati ndayamba kumwa.

Ka 60 sitinafikepo. Timalekera pa 40, ana akufuna chakudya. Kuyambira pamenepo palibe amene akudziwa. Tagwirizana kuti mawa osasintha matayala.

Loweruka, 15 Juni

Ndilembe pang'onopang'ono.

Masana. Magalimoto 28. Anayamba ali wachisanu ndi chiwiri. Pozungulira kasanu anali wa 19, timabokosi tonse buluu. Kaputeni kukalipa. Mwana kundiyang'ana cham'mbali. Ndati asiye apite, matayala sanadzuke. Pa 9 anadzuka. Biriwiri ponseponse, pakati ndi m'mphepete chimodzimodzi. Sindinaonepo tayala likuponda bwino chotero, ngakhale lenileni.

Kuyambira pa 25 anzake anayamba kutsetsereka m'makona. Wina mumpanda. Ena kukhotera kokasintha. Iye phee, kumawatola mmodzimmodzi ngati mtedza. Mkamwini anabwera kudzaima pakhomo, supuni m'manja, zapamoto zinapserera.

Pa 48 anali wachisanu ndi chiwiri. Lakumanzere lija linayamba chikasu, m'mphepete mukufiira. Kaputeni akuti lowa usinthe. Akalowa atuluka ali wa 13, ndipo maulendo otsala sangakwane kubwerera pa khumi. Akapanda kulowa tayala n'kutha, wataya zonse. Anakankha cham'khutu chimodzi ndi phewa, maso pamsewu.

"Ababa, afika?"

Ndinamvetsera kulira kwake pakona. Ndinayang'ana kabokosi.

"Afika. Uziwanyengerera."

Anadutsa polowera paja osakhota. Kaputeni anatukwana.

Maulendo khumi ndi awiri amenewo ndakalamba nawo kachiwiri. Wa matayala atsopano anamudutsa pa 53. Wina pa 57. Wachisanu ndi chinayi, awiri ena ali pamsana pake ngati agalu. Kabokosi konse psuu. Pakona yomaliza galimoto inataya kutsogolo, chiwongolero chinapepuka m'manja mwake, ndinachiona ndi maso anga. Anachotsa phazi pang'ono, tayala linagwiranso. Mzere womalizira.

Wachisanu ndi chinayi. Malo ake ndi ake.

Anagwetsa mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka. Mkamwini kuvina ndi supuni. Kaputeni akuti wafunsa amene anayeza mpweya, mwana wayankha kuti katswiri wathu wa kuno. Mkamwini akuti kuyambira lero chakudya azindipatsa ndi manja awiri atagwada.

Chimene sindinamuuze: sindinkadziwa. Mawu amenewo ndawanena kwa madalaivala osawerengeka. Afika, bwana, pitani. Galimoto n'kunyamuka, kukhota pakona, fumbi, basi. Kaya anafika, kaya anagona panjira, palibe amene anabwerera kudzandiuza. Lero ndi koyamba kuliperekeza tayala langa mpaka kumene linkapita.